Mlendo wa M'ngolo ya Zochapa

Muhotela yathu munthu samwalira. Si ine ndikunena ayi, ndi lamulo la a manijala, amene ife timawatcha Mano-Oyera chifukwa ngakhale akamakuchotsa ntchito amakhala akumwetulira. Mlendo akatsamwa ndi fupa, kapena mtima ukaima ali m'bafa, sitinena kuti kwagwa maliro. Timati kuli zochapa zapadera. Ndiye imabwera ngolo yanga, ija yaikulu imene ndimatutira mashiti ndi mathaulo. Timamugoneka mmenemo, n'kumufunditsa bwinobwino, n'kutsika naye pa chikepe cha antchito mpaka ku chipinda chozizira cha kukhitchini, kumene amasungako nyama, maluwa ndi makeke. Amadikira kumeneko mpaka galimoto ibwere kugeti yakumbuyo. Alendo ena amangopitiriza kusambira ndi kudzola mafuta padzuwa. Anabwera kudzaiwala zoti kuli imfa, ndiye ife tiwakumbutsirenji?

Ine ndakhala kochapira kuyambira tsitsi lili bii, moti mphuno inafa kale ndi jiki. Alendo ambiri sindiwaona nkhope, ndimawadziwira ku zimene amatumiza pansi. Pilo akabwera wonyowa, wina analira. Shiti likabwera losakwinyika mbali imodzi, banja limenelo latsala pachithunzi chokha.

Chaka chino ndinamupezera ntchito mwana wa achimwene anga, yoyala mabedi m'zipinda zapamwamba. Timamutcha Kandulo chifukwa ndi wamtali, woonda, ndipo ukangomukalipira amasungunuka. Anali adakali pa miyezi yoyesedwa, nthawi imene ngakhale kutsokomola molakwika kumachotsetsa ntchito. Kunyumba ali ndi kamwana koyamwa ndiponso bambo ake amene miyendo inawakana. Ntchito imeneyi ikanatha, onsewo akanadzagwera pamsana panga, ndipo msana wanga ngolo inaumaliza kale.

Ku kantini ya antchito kuli TV. Nthawi ya nkhomaliro timaonera sewero lina la anthu olemera amene amapita kukapuma pahotela ngati yathu yomweyi. Zolankhula zawo sindizimva zonse, koma ndi nkhani yoti ngakhale wogontha atha kuitsatira: poyamba amakuonetsa mtembo wofunditsidwa, kenako umakhala ukuganizira kuti ndi wa ndani ndipo wapha ndani. Akhuki, mkulu wa kukhitchini, nthawi zonse amakayikira antchito. Ine ndimakayikira mkazi. Mkazi amene amaseka kwambiri nthabwala za mwamuna wake, ameneyo wagula kale mankhwala.

Ndiye kunabwera banja lina pachipinda chapangodya, chimodzi mwa zipinda za Kandulo. Mayiyo sankavula magalasi akuda, ngakhale m'chikepe, ndiye tinawatcha Mayi Magalasi. Bamboyo anali wonenepa, wandevu, chipewa chofika m'maso. Anali Bambo Chipewa basi. Masiku oyamba zonse zinali bwino. Bambo Chipewa ankagona pampando m'mbali mwa dziwe losambira, thaulo lili kumaso, mimba ili m'mwamba ngati chulu. Malaya awo ankabwera kochapira tsiku lililonse, odontha msuzi pachifuwa. Ndinawakonda. Munthu wodontheza msuzi sabisa kanthu.

Kenako munadzaza amayi a mpingo wina, obwera ku msonkhano. Osati amayi wamba, koma aja amene amapita kutchalitchi ndi dalaivala. Anali ovala zoyera okhaokha, ndipo ankaimba paliponse, m'makonde, pa masitepe, m'chipinda chodyera. Ankapempherera Atate awo, mneneri wa mpingowo, amene anali kuphiri kusala kudya chifukwa cha machimo a dziko. Akamatchula Atatewo ankalira, kenako n'kubwerera kukatenganso mbale yachiwiri.

Tsiku lomwelo pachitseko chapangodya panapachikidwa kakhadi kaja koti musasokoneze. Ndipo sikanachokeponso.

Malaya a Bambo Chipewa anasiya kubwera. Mpando wawo wakudziwe unakhala wopanda munthu.

"Azakhali, kuchipinda kuja ine kukundiopsa," anatero Kandulo tikupinda mathaulo. "Ndikagogoda, Mayi Magalasi aja amangotsegula pang'ono chonchi, kungotulutsa dzanja. Muli mphepo yozizira ngati mufiliji. Makatani otseka masanasana."

"Nanga abambowo?"

"Zii."

"Ngakhale kutsokomola?"

"Ngakhale nkonono, Azakhali."

"Mwamuna wamimba choncho osaliza nkonono? Iwe, ameneyo wasiya kupuma."

Ndinkanena moseka, koma Kandulo anagwetsa thaulo. Ndipo nditaona mmene anatuwira, nanenso nthabwala yanga ndinayamba kuikhulupirira.

Ine ndi Kandulo tinapita kukhitchini kukafunsa Akhuki ngati chipinda chapangodya chikuitanitsa chakudya.

"Mbale ziwiri ziwiri, m'mawa, masana, madzulo," anatero Akhuki. "Zimabwerako zonyambitidwa."

"Ndiye onse ali moyo," anatero Kandulo, mtima ukutsika.

"Koma foloko imadetsedwa imodzi yokha," Akhuki anawonjezera, akutiyang'ana cham'mbali. "Inayo imabwerako mmene tinaikulungira. Ndipo ayisi! Ndowa ndi ndowa. Munthu mmodzi ayisi yense uja akuchita naye chiyani?"

Tinayang'anana tonse atatu. Aliyense anali atawonera sewero lija.

Mawa lake kunatsika thaulo lalikulu lochokera kuchipinda komweko, lili psuu pakati ponse. Ndinalinunkhiza, koma mphuno yanga ndakuuzani kale. Ndinamupatsa Kandulo kuti anunkhize, iye n'kuthawira kuseri kwa makina.

"Tikawauze a manijala," anatero ali komweko.

"Tikawauze kuti chiyani? Kuti mlendo sakudontheza msuzi? Adzakufunsa kuti walowamo? Ukati eya, waphwanya lamulo la kakhadi, ntchito yatha. Ukati ayi, ukunamizira mlendo, ntchito yatha."

"Nanga akadzapezeka atawola, chipinda chili changa?"

"Pamenepo ntchito yatha, ndi apolisi pamwamba."

"Azakhali, inu ndiye mukundithandiza chiyani?"

"Ndikukuwerengera njira, mwanawe. Zonse zikupita kumanda, usankhe yamthunzi."

Sanaseke. Mwana ameneyu anatengera amayi ake.

Tsiku lotsatira, dzuwa litakwera ndithu, Kandulo anatsika akuthamanga, maso ali tong'o.

"Akufuna ngolo. Yaikuluyo. Akuti ndiisiye pakhomo, ndichokepo, ndibwerenso akandiitana. Ndiye ndiikankhe mpaka kugeti yakumbuyo, iwo akakhala ali komweko ndi galimoto. Akuti ndisasuzumiremo, ndipo ndisauze munthu."

"Ndiye wandiuza ine."

"Inu si munthu, ndinu Azakhali."

Muno mlendo sakanizidwa kanthu. Limenelonso ndi lamulo. Akafuna mwezi, umati chabwino bwana, n'kupita kukafuna makwerero. Tinakwera nayo ngoloyo, tinaisiya pakhomo, ife n'kukabisala m'kachipinda kosungira matsache. Tinamva chitseko chikutseguka, ngolo ikulowa, kenako kukhukhuluza, kubuula kwa munthu wonyamula chinthu cholemera, ndiye gubudu!

Kandulo anandifinya mkono mpaka zikhadabo zinalowa.

Mayi Magalasi anatuluka atamanga mpango kumutu, chikwama chili kukhwapa. Atandiona anaima.

"Awa ndi ndani?"

"Ndi a kochapira, madamu," anatero Kandulo. "Ngolo ndi yawo."

"Zochapa zalemera lero, madamu," ndinatero ine nditagwira chogwirira. "Mashiti amenewa amadya bwino."

Kuseri kwa magalasi sindinaone kanthu, koma milomo inachita gwa. "Kugeti yakumbuyo. Musaime paliponse. Musalankhule ndi aliyense." Anatsika pa masitepe, zidendene zili kho kho kho.

Tinakankha. Ngolo imeneyi ndimaidziwa ngati mwana wanga. Ikanyamula mashiti imaimba, ikanyamula munthu imadandaula. Tsiku limenelo inkadandaula. Pofika pakona ya khonde tinakumana ndi gulu la amayi oyera aja, akutsika kukamwa tiyi, akuimba nyimbo ya Atate awo. Tinakanikizira ngolo kukhoma kuti adutse. Ndi pomwe ndinaona chala chachikulu cha kuphazi chitatulukira pansi pa shiti.

Ndinachikhudza. Chozizira.

Ine sindikhulupirira chinthu ndisanachiyese. Ndinachitsina. Osati kutsina kwa masewera, koma kuja kwa ana osamva, kopotokola. Chala chili phee. Amayi aja akudutsabe, akuimbabe. Ndinatsinanso. Phee.

"Wapita," ndinanong'oneza, n'kuchifunditsa.

M'chikepe Kandulo anayamba kulira mopanda mawu. "Tikamukweza m'galimoto, ndiye kuti taphera limodzi."

"N'chifukwa chake sitikamukweza."

"Nanga tipita naye kuti?"

"Kumene amapita onse. Iwe, ukachita zimene mlendo wanena, mlandu ndi wako. Ukachita zimene hotela imachita, mlandu ndi wa hotela. Kozizira, kenako a manijala. Mayi Magalasi adikire kugeti mpaka amere mizu."

Akhuki atationa tikubwera anavula chipewa chawo chachitali chija, n'kutitsegulira osafunsa kanthu. Tinamulowetsa Bambo Chipewa pakati pa miyendo ya ng'ombe ndi keke yaikulu yoyera imene anakonzera amayi a msonkhano. Akhuki anatseka chitseko n'kukoka chitsulo chake. Chogwirira cha mkati chinathyoka kalekale, koma palibe anachikonza, poti amene timawasiya mmenemo sanadandaulepo.

"Ndinanena ine," ndinawauza Akhuki. "Mkazi."

"Tiyeni tione kaye," anatero iwo. "Mwina mwana wanuyu akudziwapo kanthu. Chipinda ndi chake."

Mwaona anthu mmene alili? Mtembo usanazizire n'komwe, ayamba kale kuloza Kandulo.

Mano-Oyera tinawapeza m'chipinda chodyera, ataima pafupi ndi mayi wapampando wa msonkhano, amene ankawafotokozera mmene Atate anamuchiritsira bondo pa foni. Manijala akakhala ndi mlendo sudula mawu. Umaima chapatali, manja kumbuyo, mpaka akuone. Tinaima. Bondo linatha, kunabwera nkhani ya msana. Msana unatha, kunabwera ya mwana wawo amene anapeza mwamuna. Kandulo ankangosinthasintha miyendo ngati wamva mkodzo.

Potsiriza Mano-Oyera anacheuka, kumwetulira kuli pomwepo.

"Bwana," ndinatero chapansipansi, "kuli zochapa zapadera."

Kumwetulira sikunagwedezeke. Analankhulira m'mano. "Zili kozizira?"

"Eya, bwana."

"Ndiye sizithawa. Dikirani alendo amwe tiyi." Anayang'ana Kandulo kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Chipinda cha ndani?"

"Changa, bwana."

"Tikambirana."

Mawu amenewo muhotela muno ndi belu la maliro.

Makapu anayalidwa. Wapampando anaomba m'manja kuti keke ibwere. Ndinaona Akhuki pa kawindo ka chitseko cha kukhitchini akudzikanda m'mutu, poti keke inali kuti? Anapita okha, sakanatuma ana.

Kukuwa kumene kunachokera kukhitchini sindinadziwe kuti Akhuki angakukwanitse. Mawu aang'ono, osongoka, ngati a mtsikana waponda chule. Chitseko chinatseguka ndi mphamvu, Akhuki balamanthu, chipewa palibe, liwiro pakati pa matebulo mpaka panja. Kumbuyo kwawo kunatulukira chinthu choyera.

Anali Bambo Chipewa, koma chipewa palibe. Atadzikulunga shiti langa kuyambira m'khosi mpaka m'maondo, mapazi ali pansi, akutsimphina mwendo umene ndinatsina uja. Ankanjenjemera thupi lonse, mano akugundana, maso atatuzuka. Sankaona munthu, ankaona dzuwa limene linkalowa pa mawindo aakulu aja, ndipo ankapita komweko manja atatambasula.

Mano-Oyera, kwa nthawi yoyamba chibadwire, anatseka pakamwa.

Kenako kapu ya wapampando inagwa.

"Atate!"

"Atate! Ndi Atate!"

Ndiye mutu wanga unagwira zonse nthawi imodzi: kakhadi, foloko imodzi, mbale ziwiri, ayisi, thaulo lofiira. Munthu wosala kudya kuphiri ankadya mbale yake ndi ya mkazi wake yemwe, n'kutsitsira ndi vinyo wozizira. Ndipo pamene ndinkamutsina anali ataluma shiti, poti nkhosa zake zinkadutsa pomwepo zikumuimbira.

Amayi aja anamuzungulira. Wina anamugwira dzanja n'kukuwa. "Akuzizira! Akuzizira ngati mwala!"

"Ndi mphepo ya kuphiri!"

"Afika bwanji? Galimoto sitinaione!"

"Alibe nsapato!"

Atate anatsegula pakamwa, koma munangotuluka kugundana kwa mano. Ine ndinali pafupi, ndipo ngakhale mphuno inafa, maso anga adakalipo. Pandevu zawo panali kirimu. Woyera, wambiri, ndi kachidutswa ka keke katakakamira pansi pa mlomo. Munthu ameneyu, ali pakati pa kufa ndi kuzizira, anaona keke n'kuikumbukira.

Wapampando anali atayamba kuyang'anitsitsa ndevuzo, nkhope ikusintha pang'onopang'ono.

Ndinasolola kathaulo kamene kamakhala paphewa panga, n'kulowa pakati pawo. "Pepani amayi, pepani, thukuta la munthu wa Mulungu lisadonthe pansi." Ndinapukuta ndevu zonse kamodzi n'kamodzi, n'kupinda kathauloko, n'kukaika m'thumba la epuloni. Atate anandiyang'ana. Ine ndinawayang'ana. Kenako ndinakweza manja.

"Aleluya! Achokera kumwamba!"

Chipinda chonse chinaphulika. Ena anagwa, ena anagwada, ena anayamba kujambula ndi mafoni. Wina anang'amba kansonga ka shiti langa n'kukabisa m'chikwama. Mayi Magalasi analowa ali wefuwefu kuchokera kugeti, n'kupeza mwamuna wawo atanyamulidwa m'mwamba. Amayi aja anawathamangira. "Amayi, mwamva chozizwitsa? Nanunso mzimu wakuuzani kuti mubwere?" Mayi Magalasi anangogwedeza mutu. Akanati chiyani?

Keke sinabwere. Mano-Oyera anauza amayiwo kuti yagwa.

Madzulo asanafike anatiitana ku ofesi. Atate anali pampando, atafunda mabulangete awiri, mapazi ali m'beseni la madzi otentha. Mayi Magalasi anali ataima, magalasi atavula. Bola akanawavala.

"Mtsikana uyu achoke lero," anatero akuloza Kandulo. "Ndinamuuza kuti kugeti. Anafuna kundiphera mwamuna."

"Ayi madamu, ife timayesa mwatipherera kale inu," ndinatero.

"Azakhali," anatero Mano-Oyera, kumwetulira kutabwerera. "Khalani chete." Anatembenukira kwa Kandulo. "Sunamvere mlendo. Unaika mlendo wamoyo mufiliji. Ukudziwa kuti ukadali poyesedwa. Kasiye yunifolomu."

Kandulo anayamba kusungunuka. Anamasula kabaji kake.

"Chabwino bwana," ndinatero ine. "Lamulo ndi lamulo. Tiye mwanawe, ndikuperekeze. Tidzera kodyera, amayi aja akuti akufuna umboni wa amene anaona Atate akufika. Uyu ndiye anaona zonse, kuyambira pakhomo la chipinda. Ndipo akalira salekeza kulankhula, ndi matenda a kwathu." Ndinatulutsa kathaulo kaja, n'kukatambasula pang'ono ngati ndikufuna kupukuta misozi ya mwanayo. Kirimu anali atauma, koma kachidutswa ka keke kanali pomwepo. "Aka wapampando anakapempha kale. Akuti akufuna akakaike mufulemu."

Atate anayetsemula. Anayetsemulanso. Kenako analankhula, mawu oyamba chitulukire mufiliji.

"Musiyeni mwanayo."

"Bambo, mwaiwala kuti..." anayamba Mayi Magalasi.

"Ndati musiyeni! Ndani wakutuma kuti undiike m'ngolo? Ndinakuuza kuti tidikire achoke!"

"Akanachoka liti, poti awonjezera masiku? Inu mukanakhala kuphiri kwenikweniko zikanachitika izi?"

Mano-Oyera anayang'ana Atate, anayang'ana kathaulo, anayang'ana pawindo. Panja, amayi oyera anali pamzere pa kauntala, akuimbira abale awo kuti abwere adzaone malo amene chozizwitsa chachitikira. Ndinaona m'maso mwa Mano-Oyera zipinda zonse zikudzaza. Khoswe akakhala pamkhate sapheka.

"Mtsikana uyu," anatero pang'onopang'ono, "wasonyeza kuti amadziwa kusunga chinsinsi cha mlendo. Antchito otere ndi amene timawafuna. Kuyesedwa kwatha. Vala baji yako."

Kandulo anayesa kuibaya, n'kudzibaya chala.

Tikutuluka, Atate anandiitana. "Mayi, ndinu amene munanditsina?"

"Ine, Atate? Mwina ndi nyerere za kuphiri."

Anatambasula dzanja. "Kathaulo."

"Aka n'ka hotela, Atate. Katundu wa hotela satuluka. Funsani a manijala."

M'khonde Kandulo anandigwira mkono, pomwe anandikanda paja. "Azakhali, akanafera mmenemo?"

"Akanakhala ali pamalo pake kale. Tikanangoitana galimoto."

Anaseka. Kanali koyamba kumumva akuseka chilowereni ntchito.

Akhuki mpaka lero salowa okha kozizira, ndipo chogwirira cha mkati anachikonzetsa. Akandiona amati, "Munati mkazi." Ine ndimati, "Nanga anamuika m'ngolo ndani?" Mano-Oyera akamadutsa kochapira amamwetulira ngati kale, koma maso amakhala akusakasaka pa mashelefu. Asake. Pa zonse zimene zatsikira kuno kuyambira ndili mtsikana, kathaulo kameneka ndi kokhako kamene sindinachape, ndipo sindidzachapa mpaka kamwana ka Kandulo katamaliza sukulu.